Timiyala m'botolo la Riesling wa ku Mosel: kodi sileti amalowadi m'vinyo?

Nachisale:
Ndikupatsani moni nonse a m'gulu lino. Ndinapatsidwa botolo la vinyo woyera wa mphesa za mtundu wa Riesling wochokera ku Mosel, m'dziko la Germany, ndipo ndinalisunga m'firiji pafupifupi milungu itatu. Nditalitsegula dzulo madzulo ndinaona timiyala ting'onoting'ono tonyezimira titamatirira kunsi kwa chitsekerero, pamene tina tinali titadikha pansi pa botolo ngati galasi loswekasweka. Ndinatola kamodzi n'kukapekesa pakati pa zala, ndipo kanali kolimba ngati mchenga, koma nditakaika palilime kanali kowawasa pang'ono. Pachikalata cha botololi palembedwa kuti Kabinett, mphamvu ya mowa ndi 8 peresenti yokha, komanso pali liwu lakuti Schiefer, lomwe ndamva kuti limatanthauza mwala wa sileti. Kodi timiyalati ndi tizidutswa ta siletiyo, kapena vinyoyu wawonongeka? Nanga n'chifukwa chiyani mowa wake uli wochepa chonchi pamene mavinyo ena oyera amafika 13 peresenti?

A Tembo:
Mayi Nachisale, musataye vinyoyo. Ine ndikuganiza kuti mwaona ndi maso chimene ambirife timangochimva pakamwa. Mphesa za ku Mosel zimamera pa sileti, mizu yake imalowa m'ming'alu ya mwalawo n'kumayamwa michere yake, ndipo n'chifukwa chake vinyo wa kumeneko amamveka ngati munthu wanyambita mwala wonyowa ndi mvula. Timiyalato ndi michere yomweyo imene yaundananso chifukwa cha kuzizira.

Bambo Mbewe:
A Tembo mwalondola pa zinthu ziwiri, kuti vinyoyo ndi wabwinobwino ndiponso kuti kuzizira ndiko kwachititsa, koma pa nkhani ya sileti ndikupemphani kuti tisiyane maganizo. Ndaphunzitsa kemisitiri zaka zambiri, ndipo timiyala timeneti ndimatidziwa bwino. Ndi mchere wotchedwa potassium bitartrate, womwe umapangika asidi wa tartaric akagwirana ndi potaziyamu, ndipo zonse ziwirizi zimachokera m'chipatso cha mphesa chenichenicho. Mchere umenewu umasungunuka bwino m'madzi a mphesa ongofinyidwa kumene, koma mowa ukayamba kupangika, makamakanso vinyo akazizira kwambiri, umalephera kukhala wosungunuka ndipo umaundana n'kudikha pansi. Ajeremani amautcha Weinstein, kutanthauza mwala wa vinyo, ndipo umapezeka m'vinyo wa dera lililonse, kaya nthaka yake ndi ya sileti, ya laimu kapena ya mchenga. Opanga vinyo ambiri amaziziritsa vinyo wawo mpaka madigiri 4 kunsi kwa ziro kwa masiku angapo asanamuike m'mabotolo, n'cholinga chakuti mcherewu utsikiretu n'kusefedwa. Ena sachita zimenezi, ndipo ntchitoyo imadzagwiridwa ndi firiji ya wogula, monga momwe zakhalira kwa Mayi Nachisale. Asidi wa tartaric ameneyu anapatulidwa koyamba ndi Carl Wilhelm Scheele mu 1769 kuchokera ku zotsalira za m'migolo ya vinyo, ndipo ndi timiyala ta mchere wina wa asidi yemweyu timene Louis Pasteur ankatisankha pamanja mu 1848 pamene anazindikira kuti pali tina toyang'ana kumanja ndi tina toyang'ana kumanzere.

Nachisale:
Zikomo kwambiri Bambo Mbewe, mtima wanga wakhala pansi. Komabe funso la mowa wochepa lija lidakalipo, ndipo ndiwonjezerepo lina. Vinyoyu sakumveka wotsekemera kwambiri, koma mnzanga wina akuumirira kuti vinyo wa 8 peresenti amakhala ndi shuga wambiri. Ndani akulondola pakati pa lilime langa ndi mnzangayo?

Mayi Nkhoma:
Nonse awiri mukulondola, ndipo pamenepa ndi pamene pagona chinsinsi cha vinyo wa ku Mosel. Ine ndimagwira ntchito yoyeza zakudya ndi zakumwa m'labotale, choncho mundilole nditchule manambala. Ku Germany kupsa kwa mphesa kumayezedwa ndi madigiri a Oechsle, omwe amangosonyeza kulemera kwa madzi a mphesa poyerekeza ndi madzi wamba: ngati lita imodzi ikulemera magalamu 1080, ndiye kuti madziwo ali pa madigiri 80 a Oechsle. Kulemera kowonjezerako kwenikweni ndi shuga, ndipo pa madigiri 80 amakhalapo pafupifupi magalamu 180 pa lita. Yisiti imafuna magalamu a shuga pafupifupi 17 pa lita kuti ipange 1 peresenti ya mowa. Mukawerengera muona kuti madzi oterewa akadasiyidwa kuti awire mpaka mapeto, vinyoyo akadafika pakati pa 10 ndi 11 peresenti. Popeza waima pa 8, ndiye kuti wopangayo analetsa kuwirako panjira, poziziritsa vinyoyo, kuthiramo sulufule ndi kusefa yisiti, ndipo m'lita iliyonse munatsala shuga wokwana magalamu 40 kapena kuposerapo.

Shuga wotsalayo si wofanana ndi amene analipo poyamba. Mphesa yakupsa imakhala ndi glucose ndi fructose pafupifupi theka ndi theka, koma yisiti imayamba kudya glucose mwachangu, motero wotsala kwambiri ndi fructose, yemwe ndi wotsekemera kuposa mnzakeyo. Ndiye n'chifukwa chiyani lilime lanu silikudandaula? Yankho ndi asidi. Riesling wa ku Mosel kawirikawiri amakhala ndi asidi wokwana magalamu 8 kapena 9 pa lita, zaka zozizira amaposa pamenepo, ndipo pH yake, muyezo umene umatsika asidi akamachuluka mphamvu, imakhala pafupi ndi 3.0. Asidi wochuluka chonchi amaphimba kutsekemera, ndipo shuga nayenso amafewetsa kuwawasa. Ngakhale lamulo la kumeneko limavomereza zimenezi: vinyo amaloledwa kutchedwa trocken, kutanthauza wosatsekemera, ngati shuga wake sakupitirira magalamu 4 pa lita, koma malirewo amakwera mpaka magalamu 9 ngati asidi sakuchepera shugayo ndi magalamu oposa 2.

A Mwale:
Mayi Nkhoma atchula asidi, ndipo ine ndikufuna kufotokoza kumene asidiyo amachokera, chifukwa ndinathandizapo kukolola mphesa nyengo ziwiri m'minda ya m'mbali mwa mtsinje wa Mosel, pakati pa Trier ndi Bernkastel-Kues. Dera limeneli lili kumpoto kwambiri, pafupi ndi madigiri 50 kuchokera ku ikweta, ndipo kale linkatchedwa Mosel-Saar-Ruwer mpaka dzinalo linafupikitsidwa mu 2007. Minda yake yabwino ili pamatsitso oopsa oyang'ana kumwera, kumene dzuwa limaomba bwino. Phiri la Calmont pafupi ndi mudzi wa Bremm limapendekeka mpaka madigiri pafupifupi 65, ndipo ngakhale kumene ndinkagwira ine kunali kofatsirapo, munthu ukaponda molakwika timapale ta sileti tinkatereka pansi pa nsapato n'kumalira ngati mbale zosweka. M'minda yakale mpesa uliwonse uli ndi mtengo wakewake wouchirikiza, ndipo nthambi zake ziwiri zimapindidwa ngati chithunzi cha mtima.

Chimene sindidzaiwala n'chakuti dzuwa likalowa, mpweya unkazizira msanga mpaka zala kuuma, koma ukagwira sileti ndi chikhatho unkamva kuti adakali wofunda. Tinkakolola mu Okutobala, m'mawa kuli chifunga chochokera kumtsinje. Mwini munda anandiuza kuti mphesa zimatentha asidi wake wa malic zikamapuma m'nyengo yofunda, choncho kumalo ozizira ngati kumeneko asidiyo amatsala wambiri m'chipatso. Ndinalawa mphesa imodzi pamtengo: inali yotsekemera ndithu, koma kumapeto kwake inaluma m'mbali mwa lilime ngati apozi wosapsa.

A Tembo:
A Mwale, mawu anu akundithandiza ine. Mwanena nokha kuti sileti ali paliponse m'mindamo. Tsono Bambo Mbewe andiuze chifukwa chimene vinyo wa m'munda wa Wehlener Sonnenuhr, womwe uli pa sileti wobiriwira motuwa, amasiyanirana ndi wa ku Ürziger Würzgarten, komwe nthaka ndi yofiira, chikhalirecho minda iwiriyi ili pamtsinje umodzi, mphesa zake ndi za mtundu umodzi ndipo mtunda wa pakati pake ndi waufupi. Ndalawapo onse awiri pa tebulo limodzi, ndipo sindikuvomera kuti kusiyanako kunali m'mutu mwanga mokha.

Bambo Mbewe:
Sindikukana kuti amasiyana, a Tembo, chimene ndikukana ndi njira imene mukuti kusiyanako kumadzera. Muzu wa mpesa sudya mwala. Umangoyamwa madzi pamodzi ndi tizigawo ta michere tomwe tasungunuka kale, monga potaziyamu, kashiamu ndi magineziyamu, ndipo umasankha kuchuluka kwa chimene ukufuna. Potaziyamu amene wachokera ku sileti sasiyana ndi amene wachokera ku manyowa kapena ku feteleza, chifukwa akalowa mumpesa alibenso chizindikiro cha kwawo. Mukaphwetsa lita imodzi ya vinyo woyera n'kuwotcha zotsalazo, phulusa lake limangokwana magalamu awiri kapena atatu, ndipo lalikulu ndi potaziyamu. Chofunika kwambiri n'chakuti michere imeneyi siuluka, choncho mphuno singathe kuinunkhiza. Ngakhale sileti weniweniyo mutamutsuka bwino n'kumuumitsa, alibe fungo.

Nthaka imafika m'tambula mozungulira. Sileti ndi wakuda ndipo amasunga kutentha monga momwe a Mwale afotokozera, choncho amasintha kapsedwe ka mphesa. Amalola madzi a mvula kudutsa msanga, motero mpesa sukula mopambanitsa ndipo zipatso zake zimakhala zazing'ono. Kuchuluka kwa potaziyamu amene walowa m'chipatso kumakweza kapena kutsitsa pH. Nthaka ikakhala yosauka, madzi a mphesa amakhala ndi nayitirojeni wochepa, ndipo yisiti yosowa chakudya imatulutsa mipweya ya sulufule yomwe, ikakhala yochepa kwambiri, anthu amaimva ngati fungo la miyala yogundana kapena la machesi ongoyatsidwa kumene. Mukaphatikiza fungo limenelo ndi asidi wakuthwa, mowa wochepa ndi kampweya ka carbon dioxide komwe kamatsalira m'vinyo wowira pamalo ozizira, mupeza chimene inu mukuchitcha mwala wonyowa.

Mayi Nkhoma:
Ndiloleni ndiwapatseko a Tembo mbali yawo, chifukwa Bambo Mbewe awapanikiza kwambiri. Sizoona kwenikweni kuti chilichonse cholowa mumpesa chimataya chizindikiro cha kwawo. Strontium amene ali m'miyala amakhala wa mitundu yosiyana kulemera, ndipo kagawidwe ka strontium-87 ndi strontium-86 kamasiyana malinga ndi mtundu ndi zaka za mwalawo. Kagawidwe kameneko kamadutsa m'mizu, m'chipatso mpaka m'botolo osasintha kwenikweni, moti labotale yokhala ndi makina oyenera ingathe kukagwiritsa ntchito pofufuza kumene vinyo anachokera. Choncho mwala umasiyadi mapazi ake m'vinyo. Vuto n'lakuti mapaziwo ndi aang'ono kwambiri moti makina okha ndi amene angawaone, lilime ayi.

Nkhani yofufuza kumene vinyo wachokera si yamasewera ku Ulaya. Mu 1985 kunadziwika kuti opanga vinyo ena a ku Austria ankathiramo mankhwala owopsa otchedwa diethylene glycol kuti vinyo wamba amveke wotsekemera ndi wolemera ngati wa mphesa zokololedwa mochedwa, ndipo wina mwa vinyo ameneyo anapezeka atasakanizidwa m'mabotolo a ku Germany. Masiku ano pali njira zoyezera haidirojeni wa mu ethanol, yemwe ndi mowa weniweniwo, zomwe zimaulula ngati mowawo unachokera ku shuga wa mphesa kapena wa beet, mbewu ina yopangira shuga, ndipo okosijeni wa m'madzi a vinyo amaulula ngati wina anathiramo madzi a pampopi. Mayi Nachisale, yang'anani pachikalata chanu, mupeza nambala yaitali yoyamba ndi zilembo A.P.Nr. Nambala imeneyo imasonyeza kuti vinyoyo anayezedwa m'labotale ndiponso analawidwa ndi akatswiri ovomerezeka asanaloledwe kugulitsidwa ndi dzina limenelo.

A Mwale:
Pa nkhani yothira shuga ndi madzi, Mosel ili ndi mbiri yakeyake. Ludwig Gall, yemwe ankakhala ku Trier m'zaka za m'ma 1800, ankalangiza alimi kuti m'zaka zoipa azithira madzi a shuga m'madzi a mphesa pofuna kuchepetsa asidi ndi kukweza mowa, chifukwa nthawi imeneyo mphesa zinkalephera kupsa kawirikawiri. Lamulo la vinyo la 1971 linakhazikitsa magulu omwe timawaona lero otengera kupsa kwa mphesa, monga Kabinett, Spätlese ndi Auslese, ndipo vinyo wa m'magulu amenewa saloledwa kuthiridwa shuga wokwezera mowa. Chodabwitsa n'chakuti zinthu zatembenuka. M'chaka chotentha cha 2003 boma linaloleza mwapadera kuti opanga vinyo awonjezere asidi, m'dziko lomwe kwa zaka mazana vuto linali asidi wopitirira muyezo. Kenako mu 2010 asidi anachulukanso kwambiri, ndipo ambiri anachita kumuchepetsa ndi calcium carbonate.

Nangondo:
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndili ndi funso lomwe mwina likugwirizana ndi nkhaniyi. Ndinalawapo Riesling wa ku Mosel wa zaka zoposa khumi, ndipo nditangoyandikiza tambula kumphuno ndinamva fungo la palafini. Ndinaganiza kuti botololo linasungidwa pafupi ndi mafuta a galimoto, koma amene anandipatsa anaseka n'kunena kuti fungo limenelo ndi limene iwo analipirira. Kodi limachokera kuti?

Mayi Nkhoma:
Mayi Nangondo, mphuno yanu sinakunamizeni, ndipo botololo silinakhudzane ndi mafuta alionse. Fungo limenelo ndi la chinthu chotchedwa TDN, chomwe dzina lake lonse ndi 1,1,6-trimethyl-1,2-dihydronaphthalene. M'makoko a mphesa muli ma carotenoid, omwe amateteza chipatso ku dzuwa, ndipo akamaphwanyika mphesa zikamapsa amasiya tizidutswa tomwe timagwirana ndi shuga n'kukhala topanda fungo. M'botolo asidi amadula pang'onopang'ono kugwirana kumeneko, ndipo pakapita zaka TDN amamasuka. Mphuno ya munthu imamumva ngakhale akakhala wochepa ngati mamayikirogalamu ochepa chabe pa lita, ndipo Riesling amapanga wambiri kuposa mitundu ina ya mphesa. Mphesa zomwe zinaombedwa kwambiri ndi dzuwa, m'chaka chotentha kapena pamene mlimi anachotsa masamba ambiri, zimapereka TDN wochuluka, ndipo botolo losungidwa pofunda limamutulutsa msanga. Chitsekerero nachonso chili ndi mbali yake, chifukwa cha khungwa la mtengo chimamwa gawo la TDN pamene chachitsulo chopotokola chimamusiya yense m'vinyo.

Pamene TDN akukwera, fungo la ubwana wa vinyoyo limakhala likutsika. Riesling wamng'ono amanunkhira maluwa ndi zipatso chifukwa cha zinthu zonunkhira zotchedwa ma terpene monga linalool ndi geraniol ochokera m'mphesa, pamodzi ndi ma ester opangidwa ndi yisiti, monga isoamyl acetate amene amanunkhira nthochi. Asidi yemwe uja amaphwanya ma ester amenewa m'zaka zoyambirira ndipo amasandutsa linalool kukhala zinthu zina zosanunkhira kwambiri. Kunena zoona ine ndimakonda TDN akakhala wongomveka patali. Akachuluka amakwirira china chilichonse, ndipo sindiona chifukwa chomutamandira.

Nachisale:
Nambala ya A.P.Nr. ija ndaipeza. Pafupi nayo palinso mawu ochenjeza za sulufule. Ngati asidi ndi amene amasunga vinyoyu zaka zonsezo, sulufule akufunikiranji?

Bambo Mbewe:
Ziwirizi zimagwira ntchito mothandizana. Sulufule amene akunenedwayo ndi mpweya wa SO2, womwe umaletsa vinyo kuda chifukwa cha okosijeni ndiponso umafooketsa yisiti ndi mabakiteriya. Vinyo woyera amaufuna kwambiri kuposa wofiira chifukwa makoko amachotsedwa mphesa zikangofinyidwa, choncho amakhala ndi ma phenol ochepa omuteteza, ndipo akakhala ndi shuga wotsala pamakhala chiopsezo chakuti angayambenso kuwira m'botolo. SO2 wambiri amene wathiridwa amagwidwa ndi zinthu monga acetaldehyde n'kukhala wopanda ntchito, ndipo mwa wotsalayo kagawo kakang'ono kokha ndi kamene kamapha tizilombo. Kagawo kameneko kamadalira pH: pa 3.0 ndi pafupifupi 6 peresenti, koma pa 3.5 kamatsika kufika pafupifupi 2 peresenti. Apa mukuona mwayi wa vinyo wa ku Mosel, kuti sulufule yemweyo amagwira ntchito katatu kuposa m'vinyo wa asidi wochepa. Ndi sulufule ndi pH yotsikayi zimenenso zimaletsa mabakiteriya a Oenococcus oeni kusandutsa asidi wa malic kukhala wa lactic, zomwe opanga Riesling ambiri a kumeneko safuna chifukwa zimafewetsa kuthwa kwa vinyo n'kubweretsa fungo la batala.

Malamulo a European Union amalola mamiligalamu 200 pa lita m'vinyo woyera wosatsekemera, 250 ngati shuga wafika magalamu 5, 300 mu Spätlese, 350 mu Auslese ndi 400 m'vinyo wotsekemera kwambiri monga Beerenauslese ndi Eiswein. Chenjezo limalembedwa SO2 akangopitirira mamiligalamu 10 pa lita, chifukwa pali anthu ena, makamaka odwala mphumu, amene amavutika naye.

A Mwale:
Chifukwa chimene malirewo amakwerera m'vinyo wotsekemera ndinachiona ndi maso. Chakumapeto kwa kukolola tinkapatsidwa ndowa ziwiri, ina ya mphesa zabwino ndi ina ya zimene zagwidwa ndi chuku cha Botrytis cinerea. Poyamba ndinkafuna kuzitaya chifukwa zinali zofota, zofiirira ndi zaubweya, koma ndinadzudzulidwa kuti zimenezo ndiye zamtengo wapatali. Chukucho chimaboola khungu la mphesa, madzi n'kuuluka, ndipo shuga ndi asidi zimatsala zitakhathamira. Kuti vinyo atchedwe Trockenbeerenauslese, dzina la vinyo wa mphesa zofota zoterezi, madzi ake ayenera kufika madigiri 150 a Oechsle kapena kuposa. Chukucho chimapanganso glycerol ndi asidi wa gluconic, pamodzi ndi zinthu zina zomwe zimagwira SO2 wambiri, motero pamafunika wowonjezera kuti patsale wogwira ntchito.

A Tembo:
Ndamva zonse, ndipo pa timiyala tija ndagonja. Koma pa kakomedwe ndikhalabe ndi mawu anga, chifukwa ngati sileti ndi amene amalamulira kutentha, madzi, nayitirojeni ndi pH, ndiye kuti ndikamati ndikumva sileti sindikunama, ndangodumpha masitepe omwe inu a kemisitiri mumakonda kuwawerenga limodzilimodzi.

Bambo Mbewe:
Pamenepo sindikutsutsani, a Tembo, malinga mukuvomera kuti masitepewo alipo. Mayi Nachisale, ngati timiyala tija simunataye, yesani izi: tisungunuleni m'supuni ziwiri za madzi otentha, kenako muthiremo kasoda pang'ono. Sileti kapena galasi sizingasungunuke m'madzi, koma potassium bitartrate ndi mchere wa asidi, ndipo ukakumana ndi soda umatulutsa carbon dioxide.

Nachisale:
Ndayesa monga mwanenera, Bambo Mbewe. Ndinapala timiyala ta pachitsekerero ndi mpeni n'kutiika m'kapu yagalasi pamodzi ndi tija ta pansi pa botolo. M'madzi ozizira tinangokhala pansi osasintha, koma nditathira otentha n'kutakasa kwa mphindi ziwiri tinasungunuka tonse, osatsala ngakhale kamchenga. Nditawaza soda, madziwo anachita thovu laling'ono loyera lomwe linamveka kuti tsss kwa kanthawi kochepa. Vinyo wotsalayo ndamuthira pang'onopang'ono m'chotengera china kuti timiyala totsalira tisalowe m'tambula, ndipo botolo lachiwiri la vinyo yemweyu ndalichotsa m'firiji n'kuligoneka m'kabati yamdima, kuti ndidzaone ngati palafini wa Mayi Nangondo adzatulukemo.